Kodi anzanga osiya nawo mowa ndingawapeze kuti?

Makalata anayi amene tasankha mwezi uno achokera m'madera otalikirana, koma onse akukhudza nkhani ya malo amene munthu wotopa ndi mowa angapezeko anzake amene adadutsa momwemo, oti azikumana nawo ndi kulimbikitsana. Monga mwa mwambo wa tsamba lino, mayina a olemba tawabisa, ndipo makalata ena tawafupikitsa.

FUNSO

Alangizi, ndine bambo wa zaka 43, ndimagwira ntchito ya ukalaliki, ndipo ndili ndi mkazi ndi ana atatu. Mowa ndidauyamba ndili kusekondale, koma zaka zapitazi zinthu zafika poipa, moti tsiku silitha osalawa, ndipo m'mawa manja amanjenjemera mpaka nditamwa kabotolo kochotsera matsire. Ndalumbirapo pamaso pa akazi anga ndi ankhoswe kuti ndasiya, koma malipiro akangotuluka ndimapezeka ndili pomwe paja. Mnzanga wina amene adakhalako kunja adandiuza kuti kuli magulu a anthu amene adali zidakwa, amene amakumana ndi kuthandizana kusiya. Kodi magulu otere aliko kwathu kuno? Ndingawapeze bwanji popanda a kuntchito kudziwa, ndipo amalipiritsa zingati?

Bambo wa ku Lilongwe

YANKHO

Bambo, funso lanu la magulu ndiliyankha mokwanira, koma ndiloleni ndiyambe ndi manja anuwo, chifukwa m'kalata yonseyi chimenechi ndicho chofunika kuchitapo kanthu msanga. Munthu akamanjenjemera m'mawa mpaka atamwa, ndiye kuti thupi lake lazolowera mowa kotero kuti ukasowa ubongo umasokonezeka, ndipo kwa munthu wotere kusiya mwadzidzidzi ali yekha kunyumba n'koopsa kuposa mmene ambiri amaganizira. Zizindikiro zimayamba pakadutsa maola 6 mpaka 24 chimwereni mowa womaliza, ndipo zimakhala thukuta, nseru, kusowa tulo, mtima kugunda mofulumira ndi mantha osadziwika chiyambi chake. Ena amagwa ndi kukomoka ngati odwala khunyu m'masiku awiri oyamba, pamene ena, makamaka pa tsiku lachitatu kapena lachinayi, amayamba kubwebweta, kuona zinthu zimene palibe ndi kusazindikira ngakhale abale awo. Vuto lomalizali madokotala amalitcha delirium tremens, ndipo limapha ngati munthu sathandizidwa. Likachitika m'mudzi anthu amathamangira kunena kuti walodzedwa, chonsecho chofunika ndi kumutengera kuchipatala, kumene amapereka mankhwala monga diazepam otonthoza thupi kwa masiku ochepa, pamodzi ndi vitamini B1 woteteza ubongo. Choncho musasiye lero ndi lero chifukwa mwawerenga tsamba lino. Pitani kaye kuchipatala, mukanene mosabisa kuchuluka kwa mowa umene mumamwa pa tsiku, ndipo iwo akakuuzani kasiyidwe koyenera thupi lanu.

Ulendo wa kuchipatalawo ndi womwenso ungakufikitseni ku gulu limene mukulifuna, popeza anthu odziwa kumene osiya mowa amakumana ndi amene amawathandiza tsiku ndi tsiku. Mu Lilongwe ndi ku Mzuzu muli zipatala za Saint John of God, za mpingo wa Katolika, zimene zili ndi gawo lothandiza anthu amene agwidwa ndi mowa kapena mankhwala ozunguza bongo, ndipo zimalandira munthu wa chipembedzo chilichonse, ngakhale kuti ndi bwino kufunsiratu za malipiro. A kum'mwera ali ndi Zomba Mental Hospital ndiponso kiliniki ya matenda a maganizo ku Queen Elizabeth Central Hospital mu Blantyre, ndipo zipatala za m'maboma zimakhala ndi anamwino amene adaphunzira za matenda a maganizo. Ndikudziwa kuti ambiri akamva mayina amenewa amabwerera m'mbuyo poopa kuti anthu aziti apenga, koma uchidakwa umathandizidwa kumeneko chifukwa ndi matenda okhudza ubongo, ndipo ochuluka amene amapita kukiliniki zotere amabwerera kwawo tsiku lomwelo. Mukakafika, musakangolandira mankhwala n'kutuluka. Kafunseni mosazungulira kuti, "Kodi pali gulu la anthu osiya mowa limene limakumana mumzinda muno, ndipo ndi ndani amene ndingamuimbire?" Namwino woyamba akapanda kudziwa, kafunseni mlangizi kapena wa zachisamaliro cha anthu pachipatalapo.

Gulu limene mnzanuyo ankanena liyenera kuti ndi Alcoholics Anonymous, limene anthu amangolitchula kuti AA, ndipo mbiri ya chiyambi chake ikukhudza funso lanu. Mu 1935 Bill Wilson, munthu wa zamalonda wa ku New York amene adali atatha miyezi yowerengeka osamwa, adapita pa ntchito ku Akron, m'chigawo cha Ohio ku America. Zimene adapitira zidakanika, chibaba cha mowa n'kumugwira ali m'hotela, ndipo m'malo molowa m'bala adatenga mndandanda wa matchalitchi umene udali m'hotelamo n'kuimbira m'busa wina, kumupempha kuti amulozere chidakwa mnzake woti alankhule naye. Kufunsa kumeneko kudamufikitsa kwa dokotala wochita maopaleshoni dzina lake Bob Smith, amene mowa udali utamusokonezera ntchito. Wilson sadapite kukalalikira mnzakeyo, adapita chifukwa iye mwini adafuna munthu womvetsa kuti asamwe tsiku limenelo. Awiriwo adapitiriza kufunafuna ena, mu 1939 adatulutsa buku lofotokoza masitepe 12 amene mamembala amatsata, ndipo lero AA ikupezeka m'maiko pafupifupi 180. Paja akuluakulu adati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.

Kwathu kuno magulu a AA sadafalikire monga zilili ku South Africa kapena ku Ulaya, ndipo ochepa amene alipo savuta kuwadutsa osawaona. Chifukwa chake n'chakuti mwambo wa AA sulola kudzilengeza kapena kuonetsa nkhope za mamembala, choncho simudzapeza chikwangwani chachikulu pamsewu kapena kumva uthenga wa malonda pawailesi. Gulu limabwereka kachipinda pa tchalitchi, pa sukulu kapena pa chipatala, ndipo likhoza kusamuka kapena kusintha tsiku popanda kulengeza kwina kulikonse. N'chifukwa chake, ngakhale mukhoza kufufuza pa intaneti polemba dzina la AA ndi la mzinda wanu, musakwere minibasi musadalankhule ndi munthu pafoni ndi kutsimikiza tsiku, ola ndi malo, pakuti mindandanda ya pa intaneti imakhalitsa osakonzedwa. Ansembe, abusa ndi oyang'anira maholo a matchalitchi akuluakulu a mumzinda ndi anthu ena oyenera kuwafunsa, chifukwa makiyi a zipinda zoterezi amakhala m'manja mwawo. Pamene mukufufuza, mukhoza kuyambiratu ndi misonkhano yochitikira pa intaneti kudzera pa Zoom, imene bungwe la Online Intergroup of Alcoholics Anonymous limaindandalika pa tsamba lake, ndipo imachitika usana ndi usiku. Ya ku South Africa ndiyo yoyenerana nanu, popeza nthawi ya kumeneko ndi yofanana ndi yathu, ndipo mukazimitsa kamera bandulo siitha msanga.

Za ndalama musade nkhawa. AA ilibe ndalama yolembetsera kapena ya umembala, ndipo chofunika chokha kuti munthu alowe ndi kufunitsitsa kusiya kumwa. Pamsonkhano amayendetsa kambale kosonkhera ya tiyi ndi ya lendi, wopanda kanthu n'kungokapatsira mnzake. Msonkhano umatenga pafupifupi ola limodzi. Anthu amadzitchula dzina loyamba lokha, aliyense amalankhula za moyo wake osati wa mnzake, ndipo mlendo amene sakufuna kulankhula amangomvetsera popanda womukakamiza. Pali misonkhano yotseguka, imene achibale ndi ena ofuna kudziwa amaloledwa, ndiponso yotseka, ya okhawo amene ali ndi vuto la mowa, ndipo popeza mukuopa maso a anthu, funsani za yotsekayi. Komabe ndikuuzeni zoona kuti chinsinsi cha pagulu chimadalira pangano la anthu okhalapowo, palibe lamulo la boma lochiteteza monga lilili lomanga dokotala, ndiye zinthu zolemera kwambiri muzisungira munthu mmodzi amene mwamukhulupirira. Munthu wotere, amene a AA amamutcha sponsor, amakhala membala amene watha nthawi yaitali osamwa, ndipo ndi amene mumamuimbira malipiro akatuluka musadadutse njira ya kubala.

Mwina mukudzifunsa ngati kukhala pansi ndi kucheza kungathe kuchita zimene malumbiro anu adalephera. Mu 2020 akatswiri a Cochrane, bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo, motsogozedwa ndi John Kelly wa ku yunivesite ya Harvard ku America, adasanthula ntchito za kafukufuku 27 zokhudza anthu oposa 10,000, ndipo adapeza kuti chaka chitatha, anthu 42 mwa 100 alionse amene achipatala adawalumikiza mwadongosolo ndi AA adali asadalawenso mowa, poyerekeza ndi 35 mwa 100 amene adalandira uphungu wa mitundu ina. Kafukufuku wambiri mwa ameneyu adachitikira ku America, ndipo ziwerengerozo zikusonyezanso kuti oposa theka adamwanso nthawi ina m'chakacho. Ine ndimaziwerenga motere: gulu limathandizadi, makamaka likayendera limodzi ndi chipatala, koma kuterereka kumachitika, ndipo amene waterereka ayenera kubwerera ku msonkhano wotsatira m'malo mobisala ndi manyazi. Musaweruzenso gulu ndi msonkhano umodzi, chifukwa tsiku loyamba munthu amakhala ndi mantha ndipo samva zambiri. Pitani kangapo musadagamule.

FUNSO

Alangizi, amuna anga amamwa kachasu kuyambira m'mawa, ndipo chaka chino adagulitsa feteleza ndi matumba awiri a chimanga kuti alipire ngongole za mowa. Akaledzera nthawi zina amandimenya, koma akakhala bwinobwino amalira n'kumanena kuti akufuna kusiya. Kwathu n'kutali ndi tauni ndipo za magulu osiya mowa sitidazimvepo. Amayi ena andiuza kuti ndigule mankhwala oti ndiziwathirira m'ndiwo iwo osadziwa. Ndichite bwanji?

Mayi wa ku Ntcheu

YANKHO

Mayi, mankhwala othira m'chakudya mwamseri musawayerekeze, kaya ndi a zitsamba kaya ndi mapiritsi. Alipo mankhwala a kuchipatala otchedwa disulfiram amene amachititsa munthu kudwala akalawa mowa, koma amaperekedwa ndi dokotala kwa munthu amene akudziwa ndipo wavomera, chifukwa wowamwa mosadziwa n'kukamwa kachasu pamwamba pake akhoza kukomoka ngakhale kufa. A zitsamba ogulitsidwa pamsika palibe wodziwa mlingo wake, ndipo chiwindi cha munthu womwa kachasu chimakhala cholema kale. Za kumenyedwa nazonso musazikwirire pansi pa nkhani ya mowa. Auzeni ankhoswe, ndipo zikapitirira pitani kupolisi, kumene kuli ofesi ya Victim Support Unit yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza m'banja. Kuledzera sikuchotsa mlandu wa kumenya, ndipo chitetezo chanu ndi cha ana sichingadikire tsiku limene bambowo adzasiye.

Mawu amene amuna anu amalankhula akakhala bwinobwino ndiwo poyambira, pakuti gulu la osiya mowa silingagwire ntchito pa munthu wokokedwa. Sankhani m'mawa wina asadamwe, muwapemphe kuti mupite limodzi kuchipatala cha boma, ndipo mukafunse namwino wa matenda a maganizo. Zimene ndafotokozera bambo wa ku Lilongwe zokhudza kuopsa kwa kusiya mwadzidzidzi zikuwakhudzanso iwo, mwinanso koposa, chifukwa ukali wa kachasu suyezedwa ndipo womwayo sadziwa kuchuluka kwa mowa umene walowa m'thupi.

Kumene kulibe gulu, gulu limayambitsidwa, ndipo si ntchito yofuna chilolezo chochokera kutali. Mwambo wa AA umanena kuti anthu awiri kapena atatu a vuto la mowa akakumana n'cholinga chosiya, akhoza kudzitcha gulu, bola gululo lisakhale nthambi ya bungwe lina. Pafupifupi dera lililonse lili ndi bambo wina amene anthu amamudziwa kuti kale adali chidakwa chotheratu koma adasiya zaka zapitazo. Munthu ameneyo ndi wofunika kwa amuna anu kuposa mlaliki aliyense amene sadalawepo, chifukwa sangamunamize, ndipo iyenso sangawanyoze. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, akuluampingo kapena atsogoleri a mphakati angakuthandizeni kumupeza ndi kumulumikiza ndi ena awiri kapena atatu amene atopa ndi mowa, komanso kubwereka kalasi kapena kachipinda ka patchalitchi. Tsiku ndi ola zikhale zosasinthasintha, ngakhale abwere awiri okha, ndipo ndi nzeru kusankha nthawi imene chiyeso chimakula, monga madzulo a tsiku la msika kapena nyengo yogulitsa zokolola. Mphunzitsi kapena wina wokhala ndi foni ya intaneti angawawerengere masitepe 12 aja, amene ali pa tsamba la AA m'Chingerezi, ndi kuwamasulira.

Zimenezi si zachilendo kwa ife. Magulu a anthu amene ali ndi HIV, monga a NAPHAM, adafika m'midzi yambiri nthawi imene kungotchula matendawo kudali kochititsa manyazi, ndipo anthu adaphunzira kukhala pansi ndi kuuzana zoona. Pali chinthu chimodzi chokha chimene ndikuchenjezeni. Tidazolowera kuti gulu likangobadwa tisankhe wapampando ndi msungichuma, tilembe kalata yopempha thandizo kumabungwe, kenaka tiziyembekezera alawansi ya pamsonkhano. AA imakana dala ndalama zochokera kunja kwa mamembala ake, ndipo sipereka chakudya, ngongole kapena ntchito. Ndikuona kuti pamenepa adaganiza bwino, chifukwa gulu limene anthu amabwerera ndalama limatha ndalamazo zikatha, ndipo alawansi m'thumba la munthu amene wangosiya kachasu dzana njira yake ikudziwika.

Inuyo simungalowe m'malo mwa amuna anu pagulu lotere, koma muli ndi ufulu wokhala ndi lanu. Mu 1951 Lois Wilson, mkazi wa Bill Wilson uja, pamodzi ndi mnzake wina adakhazikitsa Al-Anon, gulu la achibale a anthu omwa mwauchidakwa, ataona kuti akazi ndi ana nawonso amavulala mumtima ndipo amafunika owamvetsa. Chimene amaphunzitsana kumeneko n'chakuti wachibale sadayambitse uchidakwawo, sangaulamulire ndipo sangauchize, koma akhoza kuleka kuuphimba. Kwa inu zikutanthauza kuleka kulipira ngongole za kwa otcheza kachasu, kuleka kuwanamira kwa abale kuti adwala malungo, ndi kusunga ndalama za zokolola ku banki mkhonde m'dzina lanu. Amayi amene adakuuzani za mankhwala aja mwina nawonso ali ndi vuto lomweli kunyumba kwawo, ndipo ndi amene mungayambe kukumana nawo.

FUNSO

Alangizi, ndine mayi wa zaka 34 ndipo ndimagwira ntchito ya m'nyumba kuno ku Joni. Ana anga ali kumudzi. Ndidayamba kumwa Loweruka lokha pocheza ndi anzanga a kwathu, koma tsopano ndimamwa ndekha m'chipinda usiku uliwonse, ndipo ndalama zotumiza kumudzi zikuchepa. Ndimachita manyazi chifukwa ndine mzimayi, komanso mapepala anga sali bwino, ndiye ndimaopa kupita kumalo olembetsa mayina.

Mayi wa ku Johannesburg

YANKHO

Mayi, pa nkhani ya magulu inuyo muli pamalo abwino kuposa onse amene alemba mwezi uno. AA idafika ku South Africa mu 1946, ndipo Johannesburg ili ndi misonkhano tsiku lililonse la sabata m'madera osiyanasiyana. Tsamba la Alcoholics Anonymous South Africa lili ndi mndandanda wa misonkhano malinga ndi dera komanso nambala ya foni yothandizira anthu, imene amayankha ndi mamembala a AA. Auzeni dera limene mumakhala ndi tsiku limene mumapuma pantchito, ndipo mupemphe kuti akulumikizeni ndi mzimayi amene angakumane nanu pakhomo lolowera tsiku loyamba. Pempho lotere ndi lozolowereka ndipo palibe amene angadabwe nalo.

Za mapepala mtima ukhale pansi. AA sisunga kaundula wa mamembala, sifunsa chiphaso, pasipoti kapena dzina la abwana anu, ndipo si nthambi ya boma. Malo amene angakufunseni chiphaso ndi chipatala kapena ofesi za SANCA, bungwe limene lidakhazikitsidwa mu 1956 ndipo limapereka uphungu ndi chithandizo kwa anthu a vuto la mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, choncho kumeneko imbani kaye ndi kufunsa zimene amafuna. Koma ngati mwayamba kunjenjemera m'mawa, kapena ngati maganizo ofuna kudzipha akubwera, musalole kuti mantha a mapepala akutsekereni m'chipinda, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Manyazi amene mukunena ndi enieni, pakuti kwathu bambo woledzera anthu amamuseka pamene mayi woledzera amamunyoza, ndipo n'chifukwa chake amayi ambiri amamwera m'nyumba mpaka matenda atakula. Thupi la mzimayi limavulalanso msanga ndi mowa wofanana ndi umene mwamuna wamwa, makamaka chiwindi. Ilipo misonkhano ya amayi okhaokha, ina yokumana pamaso ina ya pa Zoom, ndipo mwina mungamasuke kuyambira kumeneko. Mukapita ku msonkhano wa onse, sponsor wanu akhale mzimayi, ndipo bambo aliyense amene ayambe kukufunani mwapadera kapena kukupemphani ndalama mumuneneze kwa amayi akale a pagulupo, chifukwa obwera pamisonkhano ndi anthu odwala amene akuchira, ndipo si onse amene ali ndi makhalidwe abwino. Misonkhano yambiri imachitika m'Chingerezi, koma palibe amene amayesa galamala, ndipo kumvetsera kokha kumakwanira poyamba. A kwathu amene ali ku Britain njira yawo ndi yofanana, kungoti kumeneko ndi bwino kuyambira kwa dokotala wa m'dera wotchedwa GP, amene amatumiza munthu ku chithandizo chaulere cha m'dera lake.

FUNSO

Alangizi, ine ndine Msilamu ndipo ndimamwa mobisa, moti ngakhale akazi anga amangoganizira. Ndidamva kuti magulu a AA ndi a Akhristu ndipo amakumana m'matchalitchi. Sindingapite kwa shehe chifukwa cha manyazi, ndiponso sindikufuna kusintha chipembedzo. Kodi pali njira ina?

Bambo wa ku Mangochi

YANKHO

Bambo, zimene mudamvazo zili ndi mbali yoona. Amene adayambitsa AA adachokera m'kagulu ka Chikhristu kotchedwa Oxford Group, masitepe 12 amatchula Mulungu, ndipo misonkhano ina imatsekedwa ndi pemphero la Ambuye. Komabe AA payokha si mpingo ndipo siyanjana ndi chipembedzo chilichonse kapena chipani. Masitepewo amanena za Mulungu monga mmene munthu mwini amamudziwira, ndipo muli Asilamu, Ahindu, Ayuda ndi ena osapemphera konse. Kukumana patchalitchi kumachitika chifukwa zipinda zake ndi zotsika mtengo, ndipo amakumana m'holo kapena m'kalasi, osati pa mapemphero. Pemphero limene simugwirizana nalo mukhoza kungokhala chete mpaka litatha. Gulu limene liyambe kukuumirizani kuti mubatizidwe lasiya mwambo wa AA, ndipo muli ndi ufulu wolisiya.

Ndi bwino kusiyanitsa AA ndi magulu amene amanena poyera kuti ndi a Chikhristu, monga Celebrate Recovery, imene idayamba mu 1991 pa tchalitchi cha Saddleback ku California, komanso magulu osiya mowa amene mipingo ina imayendetsa payokha. Amenewa amathandiza Akhristu ambiri, koma inu sangakuyenereni. Kumbali ina kuli SMART Recovery, imene idakhazikitsidwa mu 1994 ndipo sinena za chipembedzo konse. Iyo imaphunzitsa njira za akatswiri a maganizo zothanirana ndi chibaba, zozindikirira maganizo amene amatsogolera munthu kubotolo, ndi zokonzera moyo wa tsiku ndi tsiku. Misonkhano yake ya pa intaneti ndi yaulere ndipo mungalowe kamera ili yozima, zimene kwa munthu womwa mobisa m'tauni yaing'ono zingakhale poyambira pabwino.

Gulu lililonse limene mungapeze, la chipembedzo kapena ayi, muliyeze ndi zinthu zochepa izi. Likamalipiritsa ndalama zambiri polowa, likamagulitsa madzi kapena mafuta ochiritsa, likamalonjeza kuti muchira tsiku limodzi, kapena likamatsekera ndi kumanga anthu, chokanipo. Chimodzimodzinso likamauza munthu kuti asiye ma ARV, mankhwala a TB, a khunyu kapena a matenda a maganizo poti wachira mwa chikhulupiriro, chifukwa za mankhwala mwini wake ndi dokotala.

Sindikukakamizani kupita kwa shehe, ngakhale kuti ambiri mwa iwo adamvapo nkhani zolemera kuposa yanuyi. Chimene sindingakulangizeni ndi kupitiriza kulimbana nazo nokha, popeza kubisa ndiko kwalola kuti vutoli likule mpaka pano. Yambani ndi namwino wa matenda a maganizo pa chipatala cha boma ku Mangochi, amene ntchito yake imamulamula kusunga chinsinsi, ndipo ngati mukuopa kukumana ndi odziwana nawo pamzere, pitani ku Zomba. Mukamufunse ngati pali wodwala wina amene adasiya mowa ndipo angalole kulankhula nanu. Namwino sangakupatseni dzina la munthu popanda chilolezo chake, koma akhoza kutenga nambala yanu ndi kumupatsa munthuyo kuti akuimbireni.